Misala ina siionekera pamsika

Pafupifupi pamsika uliwonse waukulu m'dziko muno pamakhala munthu yemwe ngakhale ana amamudziwa kuti mutu wake sugwira bwino. Amavala nsanza, amatola zinthu kudzala, amalankhula yekha mokweza ndipo akamadutsa mavenda amayamba kutchinjiriza katundu wawo.

Anthu ambiri akamva za misala, chimabwera m'maganizo mwawo n'chithunzi chimenechi.

Koma pali wodwala wina yemwe saonekera pamsika. Iyeyu amakhala kunyumba, sasokosa, satukwana ndipo samenya munthu.

Angathe kukhala bambo yemwe wayendetsa golosale kwa zaka zambiri koma wangosiya kutsegula, akungokhala pakhonde atazolika, n'kumati wamwaza chuma chonse cha banja pomwe katundu ali tho m'mashelefu ndipo ngongole alibe.

Angathe kukhala gogo yemwe wayamba kukana nsima ati m'mimba mwake mudaola kalekale. Angathenso kukhala mayi wa mwana wakhanda yemwe akukhulupirira kuti ndi wochimwa kuposa munthu aliyense ndipo Mulungu adamutaya.

Madokotala amati anthu oterewa ali ndi matenda okhumudwa ofika posokoneza mutu, omwe pa Chingerezi amatchedwa psychotic depression.

Poti wodwalayo savutitsa, pakhomo amaona ngati nkhani njochepa, ingotha yokha. Chonsecho matendawa ndi amodzi mwa omwe amafikitsa munthu podzipha, ndipo kawirikawiri achibale amadzidzimuka madzi atafika kale m'khosi.

Kukhumudwa kopyola malire

Kukhumudwa wamba aliyense amakudziwa. Kumabwera pakagwa maliro, malonda akalowa pansi kapena fodya akagulidwa pamtengo wolira ku okushoni. Pakapita masiku mtima umakhala m'malo, munthu n'kubwerera pantchito zake.

Matenda okhumudwa ndi nkhani ina. Kwa masabata awiri kapena kuposera apo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu amakhala wosweka mtima ndipo palibe chomusangalatsa, ngakhale zomwe kale amazikonda. Tulo timathawa, chakudya sichilowa, thupi limatsika, mphamvu zimatha ndipo amangodziimba mlandu.

Mwa odwala ena matendawa amapitirira pamenepa. Maganizo odziimba mlandu aja amauma n'kusanduka chikhulupiriro chomwe sichigwedezeka ngakhale umboni utaikidwa pamaso pawo. Ena amayamba kumva mawu a anthu omwe palibe, owanyoza, owaweruza kapena owauza kuti sayenera kukhala ndi moyo.

Kusiyana kwake kuli apa: munthu wokhumudwa chabe angathe kunena kuti ndi wolephera, koma akakhala pansi ndi mnzake amavomera kuti mwina akukokomeza. Wodwala matenda awa sakayika ngakhale pang'ono. Mkazi wake atamuonetsa buku la kubanki, iye anena kuti manambalawo ngolakwika.

Zikhulupiriro zoterezi zimazungulira pa zinthu zochepa zomwezomwezo. Wina amati adachita tchimo losakhululukidwa, mwina kakulakwa kakang'ono ka zaka 30 zapitazo. Wina amati wasaukitsa banja ndipo ana afa ndi njala. Wina amati ali ndi nthenda yosachizika ngakhale kuchipatala atamupima kangapo osapeza kanthu. Wina amadikira apolisi kapena chilango chomwe akuti chikumuyenera.

Si zachilendo kwa madokotala. Mu 1880, dokotala wa ku France, Jules Cotard, adafotokozera anzake mumzinda wa Paris za mayi wina wa zaka 43 yemwe amati alibe ubongo, mitsempha, chifuwa ngakhale matumbo, wangotsala khungu ndi mafupa. Mayiyo amati safunikanso kudya ndipo adayesapo kudzipha kangapo. Mpaka lero, wodwala akamakhulupirira kuti adafa kale kapena kuti ziwalo zake zidatha, madokotala amatchula vutolo ndi dzina la Cotard.

Matendawa si osowa monga momwe ena angaganizire. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2002, atafunsa anthu pafupifupi 19,000 m'maiko asanu a ku Ulaya, adapeza kuti anthu 4 mwa 1,000 alionse adali nawo. Mwa anthu omwe adali ndi matenda okhumudwa aakulu, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse adali atafika posokonezeka mutu.

Pomwe imfa imaoneka ngati udindo

Chimachititsa matendawa kukhala oopsa n'choti wodwala amaganiza mwadongosolo ndithu, koma poyambira pake m'pabodza.

Bambo yemwe watsimikiza kuti iye ndiye gwero la mavuto onse a pakhomo amafika poona kuti kuchoka kwake n'kuthandiza ana ake. Munthu yemwe akudikira chilango choopsa amaona imfa ngati pothawira. Womva mawu omulamula usiku ndi usana amatopa nawo.

Apa m'pomwe achibale ambiri amasokonezekera. Amadzilimbitsa mtima kuti munthu wokonda ana ake chotere, kapena wopemphera chotere, sangachite zimenezo. Koma m'mutu wodwala chikondi chomwecho chimatembenuzidwa n'kukhala chifukwa chofera.

Chitsanzo chodziwika bwino n'cha Virginia Woolf, mlembi wotchuka wa mabuku wa ku England, yemwe adadzipha pa 28 Malichi 1941 ali ndi zaka 59. Iye adadwalapo matenda a maganizo kangapo m'moyo wake. M'kalata yomwe adasiyira mwamuna wake, Leonard, adafotokoza kuti mutu wake wayambanso kusokonezeka, wayamba kumva mawu ndipo sakuona kuti ulendo uno achira. Adathokoza mwamunayo chifukwa cha chikondi chake n'kunena kuti safuna kupitiriza kumuonongera moyo.

M'banjamo mudalibe mkangano. Dzulo lake, mwamunayo adali atapita naye kwa dokotala mumzinda wa Brighton. Koma nthawi imeneyo mankhwala omwe madokotala amadalira lero adali asadatulukiridwe.

Kukula kwa chiopsezochi kwakhala kukuyezedwa kwa zaka zambiri. Mu 1983, madokotala a pachipatala china cha matenda a maganizo ku New York adaunika imfa za odwala omwe adadzipha m'zaka 25. Adapeza kuti wodwala wokhumudwa yemwe adalinso ndi zikhulupiriro zabodza adali pachiopsezo chochuluka kasanu poyerekeza ndi yemwe adalibe.

Mu 2018, akatswiri a ku Greece adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana n'kupeza kuti odwala oterewa amayesa kudzipha mochuluka pafupifupi kawiri kuposa odwala ena okhumudwa. Nako ku Finland, kafukufuku wa mu 2023 yemwe adaunika kaundula wa odwala oposa 100,000 adapeza kuti imfa zodzipha zidali zochuluka kawiri pakati pa odwala osokonezeka mutu, ndipo iwo amasankha njira zomwe munthu sapulumuka kawirikawiri.

Si kafukufuku yense yemwe amagwirizana pa manambala. Ku Denmark, akatswiri adatsata odwala 34,671 omwe adapezeka ndi matenda okhumudwa aakulu pakati pa 1994 ndi 2010. Mwa iwo, 755 adadzipha. Kumeneko sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa osokonezeka mutu ndi osasokonezeka: magulu onse awiri adali pangozi yaikulu.

Koma kafukufuku wa ku Denmark yemweyo adathandiza pa funso lomwe banja lililonse lingafunse: mwa odwalawa, woyenera kumuyang'anitsitsa kwambiri ndi uti?

Oyenera kuwayang'anitsitsa

Woyamba ndi yemwe adayesapo kale. Ku Denmark, wodwala yemwe adadzivulazapo dala m'mbuyomu adali pachiopsezo chochuluka kasanu kuposa anzake. Palibe chizindikiro china chomwe chidaposa chimenechi.

Izi zikutsutsa zomwe zimakambidwa m'makomo ambiri zoti munthu yemwe adayesa n'kupulumuka amangofuna kuopseza anthu, kapena kuti adatengerapo phunziro. Nkhani yotere mabanja amakonda kuikwirira chifukwa cha manyazi, koma ndi yoyamba yomwe dokotala ayenera kuuzidwa.

Wachiwiri ndi mwamuna. Pakafukufuku yemweyo amuna adali pachiopsezo chochuluka pafupifupi kawiri kuposa akazi.

Zimenezi zikufanana ndi zomwe zimaoneka kuno kumudzi. Mu 2020, apolisi adalengeza kuti chiwerengero cha anthu odzipha pakati pa Januwale ndi Ogasiti chidakwera ndi 57 pa 100 alionse poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, ndipo oposa 90 mwa 100 alionse adali amuna. Sikuti onsewo adali ndi matenda awa, koma manambalawo akuonetsa komwe kuli bala. Mwana wamwamuna amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, choncho akadwala maganizo amafera mumtima.

Wachitatu ndi wachikulire. Chiopsezo chimakwera pomwe zaka zikuchuluka, ndipo matenda okhumudwa akagwira okalamba amafika posokoneza mutu kawirikawiri kuposa mwa achinyamata. Vuto n'loti gogo akasiya kudya ndi kulankhula, anthu amangoti ndi ukalamba.

Palinso zizindikiro zina zomwe madokotala amaziopa. China ndi kusakhazikika: wodwala amangoyendayenda m'nyumba, kupotokola manja, kubuula, osagona usiku wonse. Ku America, kafukufuku wa mu 2003 yemwe adaunika mbiri za odwala 76 omwe adadzipha ali m'manja mwa chipatala adapeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 alionse adali ndi nkhawa yoopsa kapena kusakhazikika kotere m'masiku awo omaliza.

China ndi mawu olamula. Wodwala akaulula kuti akumva mawu omuuza kuti adzivulaze, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo, osati ya mawa.

Mowa ndi chamba zimathira mafuta pamoto chifukwa zimachotsa kudziletsa komwe kukadamugwira munthu. Mbiri ya kumtundu nayo njofunika: ngati m'banjamo wina adadziphapo kapena kudwalapo matenda aakulu a maganizo, dokotala ayenera kudziwa.

Mayi yemwe wangochira kumene ali m'gulu lapadera. Mwa amayi 1,000 alionse obereka, mmodzi kapena awiri amasokonezeka mutu, makamaka m'masabata awiri oyambirira. Mchembere ikayamba kusagona ngakhale mwana ali m'tulo, kunena kuti mwanayo ngotembereredwa kapena kuti iyo siyenera kukhala mayi, moyo wa mayi ndi wa mwana yemwe uli pangozi. Apongozi ndi anamkungwi omwe amakhala pafupi masiku amenewa ndiwo angaone msanga.

Gogo akavomera yekha ufiti

Pali mbali ina ya matendawa yomwe imakhudza kwambiri midzi ya mu Africa.

M'zaka za m'ma 1950, dokotala wa ku Britain, Margaret Field, adakhala nthawi yaitali m'midzi ya ku Ashanti m'dziko la Ghana akuona anthu obwera kwa asing'anga a mizimu kudzafuna thandizo. M'buku lake lotchedwa Search for Security, lomwe lidatuluka mu 1960, iye adalemba kuti amayi ambiri omwe amabwera okha, popanda wowanenera, kudzavomera kuti ndi mfiti zomwe zavulaza abale awo, adali odwala matenda okhumudwa.

Wodwala amadziimba mlandu woipitsitsa womwe anthu akwawo amaudziwa. Kwina umakhala wakuba ndalama za boma, kwina wa tchimo losakhululukidwa, kwina wa ufiti.

M'dziko muno, momwe okalamba ena adamenyedwapo ngakhale kuphedwa kumene powaganizira ufiti, nkhaniyi njofunika kuilingalira. Gogo wofooka, wosadya, wosagona, yemwe wayamba kunena yekha kuti ndiye adapha mdzukulu yemwe adamwalira ndi malungo, amakhala pakati pa moto uwiri. Mudzi utha kumuweruza potengera mawu ake omwe, ndipo iye mwini wadziweruza kale.

Pakhomo pakamveka mawu otere, bwalo loyamba likhale chipatala.

Amabisa

Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Pa matenda awa mwambiwu ngoona kwambiri chifukwa wodwala amabisa.

Mosiyana ndi wamisala wa pamsika uja, iyeyu nthawi zambiri amazindikira kuti zomwe akuganiza anthu ena aziona zachilendo. Amachita manyazi, amaopa kusekedwa kapena kumangidwa zingwe. Wina amaona kuti sayenera n'komwe kuthandizidwa poti ndi wolakwa. Akafunsidwa kuti ali bwanji, amangoti ali bwino.

Ngakhale madokotala amapusitsika. Kafukufuku wa mu 2008 m'zipatala zinayi zikuluzikulu zophunzitsirako madokotala ku America ndi ku Canada adapeza kuti pa maulendo 27 mwa 100 alionse omwe odwalawa adaonedwa, madokotala sadazindikire kuti matendawo adafika posokoneza mutu. Kukhumudwa amakuona, koma zikhulupiriro zabodza zija zimawadutsa.

N'chifukwa chake mboni yofunika kwambiri ndi mkazi, mwamuna, mwana kapena mlongo yemwe amamva zomwe wodwala amanong'ona pakati pa usiku. Woperekeza wodwala kuchipatala asangoti munthuyu sakudya ndipo sakugona. Abwereze mawu enieni omwe wakhala akunena, ngakhale akhale ochititsa manyazi.

Ambiri amaopa kufunsa wodwala mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, ati kutero n'kumupatsa nzeru. Akatswiri a ku King's College mumzinda wa London adaunika nkhaniyi mu 2014 ndipo sadapeze umboni woti kufunsa kumaonjezera maganizo odzipha. Adapeza kuti kukambirana kutha kuwachepetsa.

Funsolo lisazungulire. Mwana angathe kukhala pansi ndi bambo ake pamalo a phee n'kunena kuti: "Bambo, ndaona kuti mwavutika kwambiri masiku ano. Kodi mumafika poganiza zodzipha?" Akatero atseke pakamwa n'kumvetsera, osadzudzula kapena kulalikira.

Komabe yankho loti ayi lisagonetse anthu tulo. Pakafukufuku wa odwala 76 uja, pafupifupi 8 mwa 10 alionse adakana kuti alibe maganizo odzipha pomwe adafunsidwa komaliza. Zochita zimanena zambiri kuposa pakamwa: kugawa katundu wokondedwa, kulongosola za maliro, kutsanzika abale mosadziwika bwino, kapena kupepesa anthu pa milandu yomwe palibe akuikumbuka.

Choopsa china ndi bata lodzidzimutsa. Munthu yemwe wakhala akubuula kwa masabata akadzuka tsiku lina ali phee, nkhope ili gwa ngati wapeza yankho, achibale asafulumire kuthokoza. Nthawi zina bata lotere limatanthauza kuti watsimikiza mtima.

Matendawa amachizika

Nkhani yolimbikitsa njoti matendawa, ngakhale ndi oopsa, amamva mankhwala.

Mankhwala oyamba othetsa kusokonezeka mutu, a chlorpromazine, adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1952, ndipo oyamba a matenda okhumudwa adatsatira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Lero madokotala amapereka mitundu iwiriyi pamodzi chifukwa mtundu umodzi pawokha nthawi zambiri sukwanira.

Kafukufuku wa odwala 259 yemwe adatuluka mu 2009 adaonetsa zimenezi. Mwa omwe adalandira mankhwala a olanzapine ndi sertraline pamodzi, pafupifupi 42 mwa 100 alionse adachira m'masabata 12. Mwa omwe adalandira olanzapine yekha adachira 24 mwa 100 alionse.

Palinso chithandizo chodutsitsa mphamvu yochepa ya magetsi m'ubongo, chomwe madokotala amachitchula mwachidule kuti ECT. Chidayamba mu 1938 ku Rome m'dziko la Italy ndipo ambiri amachiopa chifukwa cha momwe chimachitikira kale. Masiku ano wodwala amayamba wagonetsedwa ndi mankhwala ndipo samva kupweteka, ngakhale ena amaiwalaiwala kwa kanthawi. Pakafukufuku wa ku America wa mu 2001, odwala 95 mwa 100 alionse a matenda awa omwe adamaliza chithandizochi adachira. Madokotala amachiganizira makamaka wodwala akasiyiratu kudya ndi kumwa kapena ngozi yodzipha ikakula kwambiri.

M'dziko muno khomo loyamba ndi chipatala chapafupi. M'zipatala za maboma mumakhala anamwino ndi madokotala othandizira omwe adaphunzira za matenda a maganizo, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Achipatala cha St John of God nawo amathandiza odwala oterewa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Kupita kuchipatala n'kofunikanso pa chifukwa china. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, matenda ena obwera chifukwa cha kachilombo ka HIV ngakhalenso mankhwala ena zitha kusokoneza mutu mofananako. Ndi dokotala yekha yemwe angasiyanitse.

Mankhwala a matenda okhumudwa sagwira ntchito tsiku limodzi ngati panado. Pamatenga masabata angapo kuti kusintha kuoneke, ndipo nthawi yodikirayi wodwala amakhala akadali pangozi. Ena amanenepetsa, ena amagonetsa kapena kuumitsa thupi. Zikatero n'kofunika kubwerera kwa dokotala kuti asinthe, osati kungosiya.

Kusiya mankhwala msanga ndi msampha womwe wakola mabanja ambiri. Mu 2019, akatswiri adatsata odwala 126 omwe adali atachira. Mwa omwe adapitiriza mitundu yonse iwiri ya mankhwala, 20 mwa 100 alionse adadwalanso m'masabata 36. Mwa omwe adachotseredwa mankhwala othetsa kusokonezeka mutu, adadwalanso 55 mwa 100 alionse.

Tsiku lotuluka m'chipatala nalo si tsiku lomasula lamba. Kafukufuku wamkulu wa mu 2017, yemwe adasonkhanitsa zotsatira zochokera m'maiko ambiri, adapeza kuti miyezi itatu yoyamba munthu atatuluka m'chipatala cha matenda a maganizo ndiyo yoopsa kwambiri. Wodwala amabwerera ku ngongole zomwe zidaunjikana, ku maso a anthu ndi ku manong'onong'o a pamjigo, pomwe achibale atopa ndipo abwerera ku ntchito zawo.

Zomwe banja lingachite

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 727,000 adadzipha mu 2021, ndipo 73 mwa 100 alionse adali a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Bungweli limatsindika kuti imfa zoterezi n'zopeweka, ndipo zambiri zopewera zili m'manja mwa anthu a pakhomo.

Choyamba n'kusamusiya yekha wodwala. Achibale agawane nthawi, usiku ndi m'bandakucha womwe, poti matenda okhumudwa amakonda kulemera kwambiri m'mamawa. Ntchitoyi isasiyidwe kwa munthu mmodzi kapena kwa ana aang'ono.

Chachiwiri n'kuchotsa zinthu zoopsa. M'matauni a malonda ndi m'midzi yozungulira, nyumba zambiri zimasunga mankhwala opopera mbewu, othira m'chimanga ndi ophera makoswe. Bungwe la WHO lidayerekeza kuti imfa imodzi mwa zisanu zilizonse zodzipha padziko lonse imadza ndi mankhwala a kumunda.

Ena amati wofuna kufa apeza njira ina basi. Zomwe zidachitika ku Sri Lanka zikutsutsa. Dzikolo litaletsa mankhwala a kumunda oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse, ndipo akatswiri amayerekeza kuti miyoyo 93,000 idapulumuka pakati pa 1995 ndi 2015. Mphindi yoipitsitsa imadutsa, ndipo ikadutsa munthu alibe chida pafupi, amakhala ndi mwayi wofika kuchipatala.

Choncho mankhwala oterewa akasungidwe kwa mbale kapena mnansi wodalirika, osati kungobisidwa kudenga. Mapiritsi a wodwalayo, ndi a anthu ena onse a m'nyumbamo, asungidwe ndi womusamalira yemwe azimupatsa mlingo wa nthawi imodzi n'kuonetsetsa kuti wameza.

Chachitatu n'kupewa mkangano. Kumuumiriza wodwala kuti avomere kuti zomwe akuganiza n'zabodza kumangomutsekera pakamwa. Kumuvomereza nakonso n'kulakwa. Chothandiza n'kumuuza modekha kuti achibale akuona kuvutika kwake, iwo sakuziona choncho, ndipo apita naye kwa dokotala.

Mabanja ambiri amayamba athamangira kwa abusa, kwa shehe kapena kwa sing'anga. Pemphero ndi chipatala sizilimbana, ndipo mtsogoleri wa mpingo yemwe wodwala amamukhulupirira angathandize kumunyengerera kuti alandire chithandizo. Koma pafunika kusamala. Munthu yemwe akukhulupirira kale kuti ndi wotembereredwa akauzidwa kuti aulule machimo obisika kapena asale kudya, bala lake limangokula. Miyezi yomwe imathera pozungulira njomwe matenda amazika mizu.

Chachinayi n'kusazengereza. Wodwala akanena zodzipha, akaulula za mawu omulamula, akasiya kudya ndi kumwa kapena akayamba kutsanzika, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo, ngakhale iye akukana. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kudikira malipiro a pamwezi, tsiku la msika kapena mwinimbumba yemwe ali kutali kwalirapo mabanja.

Ndipo munthu yemwe akuzindikira maganizo ake omwe m'nkhani ino adziwe kuti chiweruzo chomwe akuchimva mumtima ndi chizindikiro cha matenda, monga momwe kutentha thupi kulili chizindikiro cha malungo. Auze munthu mmodzi yemwe amamukhulupirira lero lomwe, ndipo apite naye kuchipatala.

Odwala ambiri akachira amadabwa okha kuti zinthu zotere adazikhulupirira bwanji. Mphunzitsi amabwerera m'kalasi, mayi amayamwitsa mwana wake mosangalala, gogo amapemphanso nsima yoonjezera.

Wamisala wa pamsika amaonedwa ndi tauni yonse. Wodwala wa pakhonde uja amaonedwa ndi a m'nyumba mwake okha, ndipo golosale yake idzatsegulidwanso ngati iwo atamva msanga zomwe chete wakeyo akunena.